Werengani mano musanagule njinga

Munthu akafuna kugula foni yogwirapo kale amafunsa za batire, za kamera ndi za malo osungira zithunzi. Akafuna kugula njinga amayang'ana penti, amainyamula kuti amve kupepuka kwake, amawerenga dzina lolembedwa pa felemu, basi walipira. Mano a magiya palibe amawerenga. Chonsecho mano amenewo ndi amene adzanena ngati mwini njinga azifika ku ntchito ali bwinobwino, kapena azifika malaya atanyowa ndi thukuta, mawondo akuwawa, mpaka pakatha miyezi itatu njinga yaimikidwa kuseri kwa chitseko. Mfundo yanga ndi imodzi: njinga zambiri zimene tikuchova m'makomboni a Lusaka zili ndi magiya olemera kuposa ntchito imene tikuzipatsa, ndipo munthu wozipeputsa ndiye wochenjera.

Ndikudziwa kale chimene ena anena. Ati Lusaka mulibe mapiri. Zoona, mzindawu unakhala pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, koma pamwamba pake ndi pathyathyathya. Ku Kanyama madzi a mvula amasowa kolowera chifukwa cha kuyalana kwa malo. Ndiye magiya okwerera chitunda ndi a chiyani?

Yankho lili m'miyendo. Mwendo sudziwa kusiyanitsa chitunda ndi katundu. Ikani zigubu ziwiri za madzi za malita 20 pa kaliyala, mwawonjezera makilogalamu 40. Lowani nazo m'kanjira ka mchenga ka mu George kapena m'matope a mu Chawama mwezi wa January, mudzamva ngati mukukwera phiri pomwe maso akuona pansi poyalana. Tulukani pa Great East Road mwezi wa August mphepo ikuchokera kutsogolo, ndi chimodzimodzi. Onjezani kuima ndi kunyamuka: basi yaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu pa Los Angeles Road, wilibala yadutsa, dzenje, hampu, maloboti. Nthawi iliyonse mukanyamuka pamene munaima, mawondo amalipira. Zitunda zathu ndi zimenezo, ndipo timazikwera kambirimbiri tsiku lililonse.

Komanso zitunda zenizeni sizili kutali. Achinyamata amene ayamba kuchova Loweruka m'mawa amazidziwa. Msewu wa Leopards Hill umakwera ndi kutsika. Kupita ku Kafue kumakoma chifukwa tauni ija ili m'munsi, koma pobwera kudzera ku Chilanga mumabweza ngongole ya mamita pafupifupi 300. Mukapitirira Kafue pali Munali Hills pa njira ya ku Mazabuka, ndipo njira ya ku Chirundu imatsikira m'chigwa cha Zambezi m'makhotamakhota. Kum'mawa, mukangodutsa Chongwe kulowera ku Rufunsa, msewu suyalananso mpaka ku mlatho wa Luangwa. Ogulitsa malasha amene timakumana nawo mbandakucha akulowa m'tauni ndi matumba omangidwa mpaka pamwamba pa mutu amazidziwa njira zimenezi kuposa ife tonse. Muwaone akafika pa chikweza: ambiri amatsika ndi kuyamba kukankha. Mphamvu ali nazo zoposa za aliyense wa ku jimu. Chimene chawatsitsa ndi giya.

Tiyeni tione mmene giya imagwirira ntchito, chifukwa nkhani yake ndi masamu a Giredi 7. Pa mapedulo pali mbale ya mano. Pa wilo ya kumbuyo pali kambale kena ka mano, kapena timbale tingapo tosanjikizana. Tcheni imalumikiza ziwirizi. Tengani mano a kutsogolo, gawani ndi mano a kumbuyo, mwapeza kuti wilo imazungulira kangati mukazungulitsa mapedulo kamodzi. Kutsogolo 44, kumbuyo 22, wilo izungulira kawiri. Kutsogolo 44, kumbuyo 18, wilo izungulira pafupifupi kawiri ndi theka. Giya yachiwiriyi imapita patali pa kuponda kumodzi, koma imafuna mphamvu zambiri pa kuponda kulikonse. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: mano ambiri kumbuyo, kapena mano ochepa kutsogolo, njinga imapepuka.

Manje tione njinga za mpikisano, zija za mahandulo opindikira pansi ndi matayala owonda, zimene zafala pakati pa achinyamata. Zambiri zimabwera ngati salaula, zitagwira kale ntchito ku Ulaya kapena kwina. Zakale kwambiri zimakhala ndi mbale ziwiri kutsogolo, ya mano 52 ndi ya 42, ndipo kumbuyo kambale kakakulu kamathera pa 23 kapena 24. Zobwera pambuyo pake zimakhala ndi 53 ndi 39 kutsogolo, 25 kumbuyo. Wilo ya njinga zotere ikazungulira kamodzi imayenda mamita pafupifupi 2.1. Ndiye kuti giya yopepukitsitsa pa njinga ya 42 ndi 23 imayenda mamita 3.8 pa kuzungulira kumodzi kwa mapedulo. Ya 39 ndi 25 imayenda mamita 3.3. Njinga yokhala ndi 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo imayenda mamita 2.2 okha.

Manambalawa akutanthauza chiyani pa chikweza? Tinene kuti mukukwera pa liwiro la makilomita 10 pa ola, lomwe ndi liwiro labwino kwa munthu wamba pa chitunda chenicheni. Ndi 42 ndi 23, miyendo yanu izungulira ka 43 pa mphindi, kuponda kulikonse ngati mukukankha khoma. Ndi 39 ndi 25 izungulira ka 51. Ndi 34 ndi 32 izungulira ka 75. Liwiro ndi lomwelo, chitunda ndi chomwecho, nthawi yofika pamwamba ndi yomweyo. Kusiyana kwake ndi kwakuti wa 34 ndi 32 akuponda ndi mphamvu yochepa ndi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi wa 39 ndi 25. Ntchito waigawa tizidutswatizidutswa. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Wonyamula njerwa ziwiriziwiri amamaliza mulu, wofuna kunyamula khumi nthawi imodzi amathera pa mphasa.

Anthu odziwa za kuchova amalimbikitsa kuti miyendo izizungulira ka 80 mpaka 90 pa mphindi. Chifukwa chake n'chakuti kuponda mopepuka koma mofulumira kumapereka ntchito yambiri ku mtima ndi mapapo, zomwe zimapirira nthawi yaitali ndipo zimalimba mukamazigwiritsa ntchito. Kuponda molemera koma mochedwa kumapereka ntchito ku minofu ya ntchafu ndi ku bondo. Minofu imatopa msanga, ndipo bondo likapanikizika tsiku ndi tsiku limayamba kuwawa kutsogolo, pansi pa kafupa kozungulira kaja. Chishalo chikakhala chotsika kwambiri, monga zilili pa njinga zambiri zobwerekana, ululuwo umabwera msanga. Kwa munthu wochova pongosangalala, bondo lowawa ndi Loweruka limodzi lotayika. Kwa wopereka katundu m'tauni, wogulitsa buledi m'makantemba, kapena wotenga ndiwo ku Soweto Market mbandakucha, bondo ndiye kapito. Likafooka, ndalama ya lendi yaima.

Nanga n'chifukwa chiyani sitisintha? Chifukwa choyamba ndi manyazi. Pagulu la anyamata ochova, giya yolemera yasanduka muyeso wa chamuna. Wina akatsitsira tcheni pa kambale kakakulu mumamva mawu akuti, "Iwe boi, ni magiya ya bamudala ayo." Wina amakwera chitunda chonse ataimirira pa mapedulo, njinga ikupendekera uku ndi uku, misempha ya m'khosi itatuluka, kuti anzake amuone. Akafika pamwamba mpweya watha, ndipo amene anamuseka uja wamupitirira atakhala pa chishalo, akumwa madzi.

Manyazi amenewa si a ku Lusaka kokha, ndipo eni masewerawa anawataya kale. Mpikisano wa Tour de France unayamba mu 1903. Mkulu amene anauyendetsa zaka zambiri, Henri Desgrange, sankafuna kuti akatswiri azigwiritsa ntchito kachida kosinthira magiya kotchedwa derailleur. Iye ankaona kuti kamachepetsa chamuna cha mpikisano. Akatswiri akafika pa phiri ankatsika, kumasula wilo ya kumbuyo ndi kuitembenuza, chifukwa mbali inayo inali ndi kambale ka mano ambiri. Derailleur inaloledwa kwa onse mu 1937. Kuyambira pamenepo magiya akhala akupepukirapepukira. Lero akatswiri olipidwa, monga Biniam Girmay wa ku Eritrea amene anapambana magawo atatu a Tour de France mu 2024, amachova m'nthawi imene kambale ka mano 30 kapena 34 kumbuyo n'kachizolowezi pa tsiku la mapiri. Mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa, pa zitunda za ku Rwanda. Ngati anthu amene kuchova ndi ntchito yawo yonse, okhala ndi madokotala ndi zakudya zoyezedwa, safuna kuzunza mawondo awo, ife a nshima ndi kapenta tikudzizunziranji ndi magiya a mu 1985?

Onaninso mbali inayo ya kaseti, kumene kuli timbale tating'ono. Giya ya 53 kutsogolo ndi 11 kumbuyo imayenda mamita 10 pa kuzungulira kumodzi. Miyendo ikamazungulira ka 90 pa mphindi, limenelo ndi liwiro la makilomita oposa 54 pa ola. Mudzathamangira kuti liwiro limeneli? Pa Lumumba Road pakati pa mathiraki? Pa Alick Nkhata Road nthawi yoweruka? Pa Commonwealth Road mu Matero? Tikunyamula magiya amene sitidzawagwiritsa ntchito, pamene amene timawafuna tsiku lililonse palibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chachiwiri chimene sitisinthira n'chakuti ambiri sadziwa kuti zimatheka. Amaganiza kuti njinga mmene inabwerera ndi mmene idzafere. Ayi. Pa njinga ya mpikisano pali njira zitatu, ndipo ndiziyala kuyambira yotchipa.

Yoyamba ndi kusintha timbale ta kumbuyo. Ngati kakakulu kali ndi mano 23 kapena 25, funani tina tothera pa 28, 32 kapena 34. Musanapite ku shopu dziwani zinthu ziwiri. Werengani kuti timbale tanu ndi tingati, chifukwa tatsopano tiyenera kukhala chiwerengero chomwecho: ngati ndi 8, gulani 8. Ndipo funsani makaniko ngati wilo yanu imatenga fuliwilo, yomwe imalowa mopota ngati nati, kapena kaseti, yomwe imalowetsedwa m'mizere ndi kutsekedwa ndi kamphete. Ziwirizi sizilowerana.

Apa pali msampha umodzi. Derailleur ya njinga za mpikisano zakale imakhala ndi mkono waufupi, ndipo zambiri sizikwera kambale kopitirira mano 27 kapena 28. Mukaika ka 32 pamafunika derailleur ya mkono wautali. Nkhani yabwino ndi yakuti pa zida za Shimano za magiya 7, 8 ndi 9, derailleur ya kumbuyo ya njinga ya m'mapiri, ija timati mountain bike, imagwira bwino ntchito ndi zosinthira za njinga ya mpikisano. Njinga zotero zadzaza m'makomboni, ndipo zida zake zogwirapo kale sizisowa kwa amakaniko. Tcheni nayo imafunika yotalikirapo. Ikakhala yaifupi, tsiku limene mudzaika mbale yaikulu kutsogolo ndi kambale kakakulu kumbuyo, derailleur idzathyoka kapena kulowa m'masipoko. Ndipo tcheni yakale yotha pa timbale tatsopano imalumpha ndi kudya mano msanga, choncho ndi bwino kusinthira limodzi.

Njira yachiwiri ndi kusintha mbale za kutsogolo, kuchoka pa 53 ndi 39 kupita pa 50 ndi 34. Apa ambiri amataya ndalama pogula mbale ya 34 yokha. Mbale imamangidwa pa mikono ya mapedulo ndi mabawuti asanu, ndipo pa njinga za 53 ndi 39 mabawutiwo anatalikirana mamilimita 130 m'mimba mwake. Mbale yochepera mano 38 siikwana pamenepo. Ya 34 imafuna mikono ya mamilimita 110. Ndiye kuti musintha chigawo chonse cha mapedulo, ndipo derailleur ya kutsogolo itsitsidwe pang'ono.

Njira yachitatu ndi kuika mbale zitatu kutsogolo, yaing'ono ya mano 30 kapena kucheperapo. Imeneyi imapeputsa kwambiri koma imakoka zosintha zambiri, ndipo nthawi zina ndalama yake imafika pa mtengo wa njinga ina. Kwa ambiri a ife, njira yoyamba yokha ikwanira.

Nanga a njinga za giya imodzi, zakuda zija zimene zimanyamula dziko lino? Amene kwawo ndi ku Chipata amakumbukira njinga za Eagle za ku Luangwa Industries, ndipo mpaka lero tauni ija imayenda pa njinga. Njinga zamtundu umenewu nthawi zambiri zimabwera ndi mano 44 kapena 46 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Giya imeneyi ndi yabwino kwa munthu wopanda katundu pa tala. Kwa wonyamula matumba ndi chilango. Kuchotsa ka 18 ndi kuika ka 22 kumachepetsa mphamvu ya kuponda kulikonse ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Pamangofunika kambale katsopano ndi kachidutswa ka tcheni kowonjezera, ntchito ya mphindi zochepa pansi pa mtengo wa makaniko. Palibe kukonza kwina pa njinga kumene kumabweza zambiri chotere pa ndalama yochepa chotere.

Wina afunsa kuti, ndikatero sindichedwa poyalana? Tiwerenge. Wilo ya njinga yakuda imayenda mamita pafupifupi 2.2. Ndi 44 ndi 18, miyendo ikamazungulira ka 80 pa mphindi, muli pa makilomita 26 pa ola. Ndi 44 ndi 22 muli pa makilomita 21. Funso ndi lakuti, ndi liti pamene njinga yonyamula matumba atatu inathamanga makilomita 26 pa ola? Liwiro limene mukuopa kutaya simunakhalepo nalo. Chimene muli nacho ndi mphindi zimene mumataya mukukankha njinga pa chikweza chilichonse kuchokera ku Chongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 45.

Pali mfundo ina yotsutsa imene ndimailemekeza. Amakaniko akale amati magiya ambiri ndi mavuto ambiri. Fumbi la Lusaka limadya tcheni, derailleur ikagunda mwala imapindika, waya akaduka mwatsala ndi giya imodzi, nthawi zambiri yolemetsetsa. Akunena zoona. N'chifukwa chake njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005 ndipo lagwira ntchito zaka zambiri muno mu Zambia, inapangidwa ya giya imodzi, ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100. Mmodzi wa oyambitsa bungweli, F.K. Day, analinso mmodzi wa oyambitsa SRAM, kampani yopanga magiya a akatswiri. Anthu odziwa magiya chotero anasankha kulimba. Koma onani zimene anachita mu 2024: anatulutsa Buffalo ina yotchedwa Utility S2, yokhala ndi matcheni awiri ndi magiya awiri, ina yoyendera poyalana, ina yokwerera ndi katundu, ndipo mumasintha pongobweza mapedulo m'mbuyo. Ngakhale iwo anavomereza kuti wonyamula katundu amafuna giya yopepuka. Ndiye mkangano wa kulimba sutsutsa mfundo yanga. Wofuna giya imodzi akhale nayo, koma ikhale yoyenera ntchito yake.

Pali chinthu chinanso chimene sitikambirana. M'nyumba zambiri za mu Mtendere kapena Kalingalinga njinga imakhala imodzi. Ikakhala ya giya yolemera, imakhala ya munthu mmodzi, mnyamata wamphamvu wa m'nyumbamo. Mlongo wake wa Giredi 9 akaiyesa kamodzi amaisiya, nabwerera ku basi kapena kuyenda pansi. Amayi ofuna kutenga tomato ku msika sangaiganizire n'komwe. Atate a zaka 55 amati njinga ndi za ana. Kenako timamva anthu akunena kuti akazi sakonda kuchova. Ikani mano 22 kumbuyo, tsitsani kapena kwezani chishalo molingana ndi wokwera, muone ngati njinga yomweyo siyamba kutuluka katatu pa tsiku. Masiku ano, pamene mtengo wa mafuta sukhazikika ndipo mtengo wa basi ukakwera sufulumira kutsika, njinga yotumikira nyumba yonse ndi ndalama yotsala m'thumba.

Ndiye pempho langa likupita kwa anthu atatu. Kwa ogula: musanalipire, gwadani muwerenge mano. Pa mbale zambiri nambala inalembedwa kale. Gawani ya mbale yaing'ono ya kutsogolo ndi ya kambale kakakulu ka kumbuyo. Pa njinga ya mpikisano, yankho likapitirira 1.5, dziwani kuti pali ndalama ina yoti mudzawononge, ndipo muichotseretu pokambirana mtengo. Safunsa anadya phula.

Kwa amakaniko athu: inu ndinu madokotala a njinga, ndipo anthu amakumverani kuposa mmene amamvera ife a pa wailesi. Munthu akabwera kudzasintha fuliwilo yotha, musangomuikira ya 18 chifukwa ndi imene inalipo. Mufunseni kuti amanyamula chiyani, amapita kuti, ndani wina amakwera njingayo kunyumba. Sungani za 20 ndi za 22. Kasitomala amene mawondo ake apumula adzabwera ndi anzake.

Kwa magulu ochova Loweruka: mnzanu watsopano akatsalira pa chikweza, musamuseke ndipo musamuuze kuti alimbe mtima. Yang'anani kaseti yake. Achinyamata ambiri amene anagula njinga ndi chisangalalo n'kuisiya patapita mwezi sanalephere chifukwa chofooka. Anapatsidwa magiya a munthu wina, a dziko lina, a nthawi ina, ndipo palibe anawauza.

Maenje a m'misewu yathu sitingawakwirire mawa, ndipo njira zapadera za njinga m'makomboni tidakali kuzidikira. Zimenezo zili m'manja mwa ena, tipitiriza kuzikamba. Mano a kumbuyo kwa njinga ali m'manja mwathu. Madzulo ano itembenuzeni, ikani chala pa dzino limodzi, muyambe kuwerenga.